Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: khanda lolengeza misozi lisamangopatsidwa kachubu n'kubwezedwa kunyumba

Kwa inu akuluakulu a zaumoyo, oyang'anira zipatala, ndi inu aphunzitsi a anamwino ndi azamba,

Ndikulemba pa nkhani imene kawirikawiri siipeza malo pa misonkhano yanu, chifukwa siipha munthu ndipo siioneka m'malipoti a pamwezi. Ndi nkhani ya makanda amene amabadwa kanjira kawo ka misozi kali kotseka kapena kopapatiza. Chonde werengani mpaka kumapeto. Ambiri mwa ana amenewa amachira okha, zimenezo n'zoona. Koma pakati pawo pamabisala ochepa amene diso lawo likuwonongeka tsiku lomwelo, ndipo onsewa amalowera khomo limodzi, n'kukhala pamzere umodzi, mayi aliyense ali ndi mawu omwewo: "Adokotala, diso la mwanayu silikuuma misozi." Wachipatala amene sanaphunzitsidwe kusiyanitsa amawapatsa onse kachubu ka mankhwala opaka m'maso n'kuitana wotsatira. Pempho langa lonse lagona pamenepa: muphunzitseni kuyang'ana diso ndi kufotokoza zimene waona, ndipo mum'patse kotumiza mwana amene akufunika thandizo loposa lake.

Ndiyambe ndi mwana amene vuto lake ndi kanjira kotseka basi, chifukwa ndiye amene amabwera kawirikawiri. Masiku oyamba atabadwa saonetsa kanthu, popeza khanda lobadwa kumene silikhala ndi misozi yambiri. Pakapita milungu iwiri, itatu kapena inayi, mayi amaona kuti diso limodzi, mwina onse awiri, lili ndi misozi lengelenge chonsecho mwana sakulira. Dontho limatsika pa tsaya ali chigonere, akumwetulira. M'mawa nsidze zimakhala zitamatana ndi manthongo achikasu moti diso silitseguka mpaka litanyowetsedwa. Mayi apukuta, pofika masana manthongo abwereranso. Chimfine chikamugwira, kapena mphepo ikamuwomba, zimanyanya. Khungu la m'munsi mwa diso limayamba kufiira chifukwa chonyowa ndi kupukutidwa kosaleka. Koma tsegulani zikopezo modekha muone. Choyera cha diso chili mbee. Pakati pa diso pali ngwee, powala, poonekera mpaka m'kati. Zikope sizinatupe. Mwana akuyamwa bwino, thupi silikutentha, ndipo mukamuyatsira tochi amakuyang'anani osatsinzina mwaululu. Zonsezi munthu amaziona pa mphindi imodzi, bola asambe m'manja n'kumugwira mwanayo, osangomuonera kuseri kwa tebulo.

Chimene chikuchitika m'katimo sichovuta kumva, ndipo mayi aliyense atha kuchimvetsa chikafotokozedwa m'chilankhulo chake. Misozi imapangidwa ndi kachiwalo kamene kali pamwamba pa diso, chakumbali ya kukhutu, kunsi kwa fupa. Tikamaphethira, zikope zimaimwaza pa diso lonse, kenako imasonkhana pakona ya diso ya kumphuno. Pamenepo pali timabowo tiwiri ting'onoting'ono, kena pa chikope chapamwamba, kena pa chapansi. Misozi imalowa m'timabowoto, n'kudutsa m'timitsempha tiwiri tifupitifupi, n'kugwera m'kathumba kamene kali pambali pa fupa la mphuno. Kuchokera m'kathumbamo pali kanjira kotsika m'kati mwa fupa kamene kamakatsegukira m'mphuno. N'chifukwa chake munthu akalira kwambiri mphuno imachucha. Mwana akamaumbika m'mimba, kanjiraka kamayamba kali kogwirana, kopanda mphako, ndipo kamabooka pang'onopang'ono. Malo otsiriza kubooka ndi kumapeto kwake, m'mphuno, pamene madokotala amapatchula dzina la Hasner, dokotala wa maso wa ku Prague wa zaka za m'ma 1800. Mwa ana ena, pofika tsiku lobadwa pamakhala patatsala kanembanemba kopyapyala kotseka pakamwa pa kanjirako.

Zili ngati ngalande imene yatsekeka kumapeto: madzi saleka kubwera, ndiye amangosefukira, ndipo amene aima amayamba kuda. Manthongo aja ndi mamina a m'kathumba osakanikirana ndi misozi yoima, ndi tizilombo timene timakhala kale pa khungu la munthu aliyense tikapeza pobisala. Sachokera ku uve wa mayi. Ndikutsindika mawu amenewa chifukwa ndaona amayi akutuluka m'chipinda cha dokotala nkhope ili pansi, atafunsidwa ngati amamusambitsa mwana wawo. Mayi amene wachititsidwa manyazi chonchi sabweranso, ndipo tsiku limene diso lidzafiire n'kutupa adzayamba wafunsa kwa anzake kapena kogulitsira mankhwala.

Kuchuluka kwa ana amenewa kukudabwitsani. Ku Scotland, madokotala a maso MacEwen ndi Young anatsatira makanda 4,792 kuyambira pobadwa, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1991. Pafupifupi ana 20 mwa 100 alionse anali ndi diso lolengeza misozi m'chaka chawo choyamba, ndipo mwa amenewo, 96 mwa 100 anachira okha asanakwanitse chaka. Kafukufuku wina wa m'dera la Olmsted ku Minnesota, m'dziko la America, anapeza vutoli mwa khanda limodzi pa makanda 9 alionse. Tengani chiwerengero cha ana amene amabadwa m'zipatala zanu pa chaka, muwerengetsere nokha. Palibe namwino wa ana amene angagwire ntchito mwezi wathunthu osakumana nalo. Nanga n'chifukwa chiyani pa maphunziro ake limangopatsidwa mzere umodzi, mwinanso osatchulidwa n'komwe?

Manambala amenewa akutiuza kuti mankhwala aakulu ndi nthawi. Mwana akamakula, mafupa a nkhope amatambasuka, kanjira kamakula, ndipo kanembanemba kaja kamang'ambika kokha, mwina tsiku lina akulira kapena akuyetsemula. Ndiye chimene mayi akufunika kupita nacho kunyumba ndi chidziwitso: dzina la vutoli m'mawu osavuta, kuti silichititsa khungu, kuti lingatenge miyezi yambiri, mmene angasamalire diso, zizindikiro zimene ayenera kubwerera nazo tsiku lomwelo, ndi tsiku limene tidzaonenso mwanayo. Kufotokoza zimenezi kumatenga mphindi zisanu. Ndikudziwa kuti pamene pali mzere wautali mphindi zisanu n'zodula. Koma mayi amene sanafotokozeredwe amabwera mobwerezabwereza pa vuto lomweli, ndipo ulendo uliwonse amadya nthawi ya wachipatala ndi kachubu kena ka mankhwala.

Pali kanthu kamodzi kamene mayi kapena bambo angachite ndi manja ake, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike pang'ono, chifukwa pamalakwika kwambiri. Ndi kutikita kathumba ka misozi. Njira yake inafotokozedwa ndi dokotala wa ku America, Crigler, mu 1923, ndipo mu 1982 Burton Kushner anaonetsa kuti kutikita kotsitsa mwamphamvu kumathandiza kuposa kungosisita pamwamba. Ganizo lake ndi lakuti madzi amene ali m'kathumba akafinyidwa, njira yobwerera m'diso itatsekedwa ndi chala, amakankhira pansi n'kukagunda kanembanemba kaja. Kholo lisambe m'manja ndi sopo, chikhadabo chikhale chowengedwa. Mwana agone chagada, mutu utagwiridwa. Nsonga ya chala cha mkombaphala iikidwe pakona ya diso ya kumphuno, m'kadzenje kamene kali pakati pa diso ndi fupa la mphuno, kuti timitsempha tija titsekeke. Kenako chalacho chidinikize n'kutsika m'mbali mwa mphuno, kutalika kosapitirira chikhadabo chimodzi. Abwereze kangapo, ndipo achite zimenezi kawiri mpaka kanayi pa tsiku. Chala chisadinikize diso lenilenilo. Manthongo akatuluka, apukutidwe ndi thonje kapena kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi owiritsa amene azizira, kuyambira kumphuno kupita kukhutu, kupukuta kamodzi n'kusintha mbali ya kansaluko.

Tsopano funsani amayi amene anauzidwa kuti "muzimutikita" akuonetseni mmene amachitira. Wina amasisita pamwamba pa mphuno pamene pali fupa lokhalokha. Wina amazunguliza chala pa chikope. Wina amangokhudza mopepuka chifukwa akuopa kumupweteka mwana, ndipo sitingamunene, nanga ndani anamuonetsa? Mawu okha sakwanira apa. Namwino aike chala cha mayiyo pakona ya diso lake la mayi mwini kuti amve kadzenjeko ndi mphamvu yake, kenako mayi achite pa mwana namwino akuona. Kuti namwino aphunzitse chonchi, nayenso ayenera kuti anagwiridwapo dzanja ndi mphunzitsi wake. Izi sizifuna chipangizo chilichonse. Zimafuna kuti inu aphunzitsi muziike pa mndandanda wa luso limene wophunzira ayenera kuonetsa asanapatsidwe satifiketi.

Za mankhwala ndinena mosabisa mawu. Maantibayotiki opaka kapena odontheza m'maso satsegula kanjira kotseka. Amachepetsa manthongo kwa masiku angapo, ndipo akatha manthongo amabwerera chifukwa madzi akadali chiimire. Ali ndi ntchito yake pamene mafinya achuluka ndipo choyera cha diso chafiira, kwa masiku owerengeka, basi. Kumupaka mwana mwezi ndi mwezi ndi kuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala, vuto limene bungwe la World Health Organization lakhala likuchenjeza kwa zaka zambiri. Choopsa kwambiri ndi madontho amene muli steroid, mankhwala ochepetsa kutupa ndi kufiira, monga dexamethasone ndi betamethasone, amene nthawi zambiri amasakanizidwa ndi antibayotiki m'kabotolo kamodzi. Diso limaoneka ngati lapola, ndiye kholo limawakonda n'kumakagulanso. Koma madontho amenewa amakweza mphamvu ya madzi a m'kati mwa diso, ana ndiwo sachedwa kukhudzidwa, ndipo akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amabweretsa ng'ala. Ngati pa diso pali chilonda, amachikulitsa. Inu amene muli ndi mphamvu pa malo ogulitsira mankhwala, onetsetsani kuti madontho otere sakugulitsidwa kuti akadonthezedwe m'diso la khanda popanda dokotala wa maso kulembera. Ndipo dziwani kuti kholo limene lataya mtima ndi chipatala limayamba kuyesa zina: madontho otsala a munthu wamkulu, madzi a zitsamba, chilichonse chimene wina wanena. Diso limene likanachira lokha limafika litapsa.

Tsopano ndifike pa ana amene amandisowetsa tulo. Woyamba ndi khanda la masiku awiri mpaka asanu limene zikope zake zatupa kwambiri, zafiira, ndipo mukazitsegula mafinya amatuluka ochuluka, mukapukuta nthawi yomweyo abwereranso. Ameneyu alibe kanjira kotseka. Watenga tizilombo ta chinzonono podutsa m'njira yobadwira, ndipo tizilombo timeneti titha kuboola diso m'masiku ochepa kwambiri. Kachubu kopaka sikangamupulumutse. Akufunika jakisoni wa ceftriaxone tsiku lomwelo, kutsukidwa m'maso pafupipafupi, ndipo mayi ndi bambo onse awiri alandire mankhwala. Tizilombo ta chlamydia timachedwerapo, timaonekera pakati pa masiku 5 ndi 14, ndipo timafuna mankhwala akumwa chifukwa titha kutsikira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Dziko linadziwa kale kupewa khungu lotereli. Mu 1881 Carl Credé wa ku Leipzig anaonetsa kuti kudontheza mankhwala a silver nitrate m'maso mwa khanda likangobadwa kunatsitsa matendawa kuchoka pa ana pafupifupi 10 mwa 100 kufika pochepera 1 mwa 100. Lero timagwiritsa ntchito tetracycline wopaka, erythromycin kapena povidone iodine wa m'maso. Chomvetsa chisoni n'chakuti kachubu komweko kamene timamwaza kwa ana a miyezi isanu amene sakukafuna, kamasowa m'chipinda chochirira pamene kali ndi ntchito yeniyeni.

Wachiwiri ndi wovuta kumuzindikira, chifukwa nayenso diso lake limangolengeza misozi ndipo choyera chake chingakhale chosafiira kwenikweni. Ndi mwana wobadwa ndi glaucoma. Madzi a m'kati mwa diso, amene ndi osiyana ndi misozi, sakupeza potulukira, ndiye mphamvu yake ikukwera n'kumafinya mtsempha woonera. Diso la khanda ndi lofewa, ndiye limafutukuka. Pakati pa diso pamakula kuposa pa ana anzake, ndipo achibale amayamikira kuti mwanayu ali ndi maso aakulu okongola. Kenako pamayamba kuoneka mbuu, posawala. Mwana amadana ndi kuwala: akatuluka panja amatsinzina mwamphamvu, amabisa nkhope pachifuwa cha mayi ake, amalira. Manthongo sakhalapo kwenikweni, imangokhala misozi yoyera. Matendawa ndi osowa, amapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 10,000, ndipo kusowa kwakeko ndi kumene kumapusitsa. Wachipatala amene waona ana ambirimbiri a kanjira kotseka amazolowera kunena kuti "zitha zokha", n'kunenanso chimodzimodzi kwa uyu. Glaucoma ya khanda imafuna opaleshoni, ndipo mwezi uliwonse umene wadutsa umachotsa kuona kumene sikudzabwereranso. Mafunso awiri okha akanamugwira: kodi mwanayu amathawa kuwala? Kodi pakati pa diso pakuwala bwino ndipo mpofanana kukula ndi pa diso linalo?

Palinso khanda limene limabadwa ndi kachotupa kobiriwira kapena kotuwa pansi pang'ono pa kona ya diso ya kumphuno. Apa kanjira katseka kumunsi ndi kumtunda komwe, ndipo kathumba kadzaza n'kufufuma. Kachotupaka sikachedwa kugwidwa ndi tizilombo, ndipo nthawi zina kamatulukiranso m'kati mwa mphuno. Popeza khanda limapumira m'mphuno, kakakhala mbali zonse ziwiri mwana amabanika, makamaka poyamwa. Ameneyu aonedwe ndi dokotala wa maso m'masiku oyambirira omwewo. Chotupa chikakhala pamwamba pa kona ya diso m'malo mwa pansi, chisafinyidwe ndiponso chisabooledwe, chifukwa chitha kukhala cholumikizana ndi ubongo. Ndipo mwana aliyense wa kanjira kotseka amene pambali pa mphuno pafiira psuu, patupa, pakutentha ndipo pakupweteka, makamaka thupi likatenthanso, kathumba kake kachita mafinya. Kutikita kuleke pomwepo. Agonekedwe m'chipatala n'kulandira maantibayotiki olowa m'thupi lonse, chifukwa mwa khanda matendawa atha kufalikira kuseri kwa diso ndi m'magazi.

Zida zosiyanitsira ana onsewa si zodula. Tochi yowala bwino, sopo ndi madzi, ndi timapepala ta utoto wa fluorescein. Dontho la utotowu likaikidwa m'maso onse awiri, pakapita mphindi 5 diso limene kanjira kake ndi kotseguka limakhala litayera, pamene lotseka limakhalabe ndi kamzere ka utoto wachikasu m'munsi mwake. Mayi amadzionera yekha ndi maso ake, ndipo sipafunikanso kumunyengerera kuti akhulupirire. Kudinikiza kathumba mopepuka n'kuona mamina akutuluka pa timabowo tija nakonso kumatsimikiza. Ngati mungathe kuika kachipangizo koonera m'kati mwa diso pa malo alionse oonera ana, chitani, chifukwa kuwala kofiira kumene kamaonetsa m'mboni kumagwiranso ng'ala yobadwa nayo ndi khansa ya m'diso ya ana.

Nanga ana aja amene chaka chakwana koma misozi ikadatsikabe? Iwowa ndiwo amatayika kwambiri, chifukwa aliyense anawauza kuti adikire koma palibe anawauza kuti adikire mpaka liti. Kudikira kuli ndi maziko ake. Gulu la madokotala a maso a ana la ku America lotchedwa Pediatric Eye Disease Investigator Group linapeza mu 2012 kuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 10 amene anali adakali ndi vutoli, maso 66 mwa 100 anachira m'miyezi 6 yotsatira popanda opaleshoni. Koma mwana akapitirira chaka, mwayi wochira yekha umachepa, ndipo yafika nthawi yoti kanjirako katsegulidwe. Dokotala amalowetsa kawaya kosalala, ka nsonga yobuntha, pa kabowo ka m'chikope, n'kukatsetsereza m'kathumba, n'kukatembenuzira pansi mpaka kataboola kanembanemba kaja m'mphuno. Timawaya timeneti mpaka lero timatchedwa dzina la William Bowman, dokotala wa ku London wa zaka za m'ma 1800. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa, sachita kucheka khungu, ndipo mwana amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Gulu lomwe lija linapeza kuti imatheka bwino mwa maso pafupifupi 78 pa 100 alionse paulendo woyamba. Ikakanika, amaika kapaipi kofewa ka silicone kwa miyezi ingapo, kapena amafutukula kanjirako ndi kabaluni, ndipo ndi ochepa kwambiri amene amafika pofuna opaleshoni yaikulu yoboola fupa kuti misozi ipeze njira yatsopano.

Madokotala amasiyana maganizo pa nthawi yake. Ena amatsegula mwana ali ndi miyezi yochepa, ali maso, atakulungidwa m'nsalu kuti asaphiriphithe. Ena amadikira chaka chikwane n'kumugonetsa ndi mankhwala. Ine ndili kumbali ya odikira, chifukwa ambiri mwa ana aang'onowo akanachira okha, ndiponso kawaya kolowetsedwa mwana akulimbana katha kuboola njira yabodza n'kusiya chipsera chimene chidzavute kuposa vuto loyamba. Koma kudikira kumakhala kwanzeru pokhapokha ngati pa mapeto pake pali dokotala wodziwa, timawaya towiritsidwa, ndi wogonetsa amene anazolowera ana aang'ono. Zimenezi ndi zanu kukonza, akuluakulu. Mayi sangazikonze, namwino wa pa sikelo sangazikonze. Opaleshoni imeneyi imakankhidwira kumapeto kwa mndandanda nthawi zonse chifukwa si yadzidzidzi, mpaka mwana amayamba sukulu akupukuta diso ndi mkono wa malaya, anzake akumufunsa chimene akulira. Ndipo akamakula, kutsegula kokha ndi kawaya kumayamba kukanika, n'kufunika njira zovutirapo. Ikani tsiku lake pa mwezi, lodziwika, loti ana otere azichitidwa pamodzi.

Ana ena amafunika kuwayang'anitsitsa kuyambira pachiyambi. Obadwa ndi Down syndrome, vuto limene limachedwetsa kakulidwe ka thupi ndi nzeru, ndi amene anabadwa ndi mlomo kapena m'kamwa mong'ambika, amakhala ndi vutoli kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo mwa iwo kanjira kangakhale kopapatiza m'malo angapo kapena kotsekedwa ndi fupa. Alipo amene timabowo ta m'zikope sitinabooke n'komwe. Madokotala aonanso kuti mwa ana amene kanjira katseka mbali imodzi, maso awiriwo amasiyana mphamvu yoonera kawirikawiri kuposa mwa ana ena, zimene zikapanda kugwidwa zimafooketsa diso limodzi mpaka kukula. Choncho mwana amene wafika kwa dokotala wa maso chifukwa cha misozi ayezedwe kaonedwe kake komwe, asangotsegulidwa kanjira n'kuuzidwa kuti zatha.

Simukufunika kumanga chipatala chatsopano kapena kuyambitsa pulogalamu yatsopano. M'mayiko ambiri mwana amabwera kudzalandira katemera pa milungu 6, 10 ndi 14, ndiponso pa miyezi 9. Maulendo amenewa agwa ndendende pa nthawi imene vutoli limayamba, limakula ndi kutha. Pa kabuku ka zaumoyo ka mwana pakhale malo olembapo za maso, kuti amene wamuona pa milungu 6 alembe kuti diso lakumanzere likulengeza, loyera, mayi waonetsedwa kutikita, ndipo amene adzamuone pa miyezi 9 adzafunse. Ngati pa miyezi 9 silinaume, kalata yotumizira kwa dokotala wa maso ilembedwe pomwepo, kuti pofika chaka mwana akhale ali kale pa mndandanda. Pakhoma la chipinda choonera ana pakhale zithunzi zinayi zenizeni: diso lolengeza koma loyera, diso lotupa la mafinya, diso lalikulu la mbuu, ndi kachotupa ka pambali pa mphuno. Pansi pa chilichonse palembedwe chochita ndi nthawi yake: lero lomwe, sabata ino, kapena tidikire. Zithunzizo zikhale za ana a khungu lofanana ndi la ana amene amabwera pamalopo, chifukwa kufiira ndi kubiriwira sikuoneka mofanana pa khungu lililonse.

Kwa inu madokotala a maso a m'zipatala zikuluzikulu ndili ndi pempho lapadera. Namwino akakutumizirani khanda poopa glaucoma inu n'kupeza kuti ndi kanjira kotseka chabe, musamudzudzule, ndipo musauze mayi kuti wavutika ulendo pachabe. Namwinoyo wachita zimene tikumupempha. Lembani mizere iwiri pa kabuku ka mwana yonena zimene mwapeza ndi chimene chakuonetsani, kuti mayi akabwerera namwino uja awerenge. Oyang'anira zipatala, ikani nambala ya foni ya ku chipinda cha maso pamene aliyense woona ana angaipeze, ndipo pakhale munthu woiyankha, kuti mzamba amene wagwira khanda la masiku atatu la zikope zotupa Loweruka madzulo adziwe koimba ndiponso kumene jakisoni ali.

Ine wanu pa ntchito yosamalira ana,

Namwino wa ana